Mpira wa Bambo a Tadala

Amayi anzanga, abambo, achimwene ndi achemwali, mundilole ndilankhule nditakhala pansi. Ena mumandidziwa. Ndine amake Tadala, kwathu ndi ku Ntcheu, ndimakolopa pa kiliniki ina ku Al Sadd. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye musayembekezere mawu okometsera. Ndingonena mmene zinakhalira.

Chaka chatha ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndi kukwezedwa ndege chifukwa cha mowa. Inde, mowa, kuno ku Doha kwa Aarabu, kumene mowa umamangitsa munthu, ine mzimayi amene ndinakula osalawa ngakhale thobwa losasa. Ntchito imeneyi ndi imene ikusunga mwana wanga Tadala pa sukulu ya sekondale kumudzi. Ikanatha, mwanayo akanabwerera kukhasu. Ndipo chimene chinandifikitsa pa mowawo mukachimva museka: mpira wa ana a sukulu a ku America. Sekani, palibe vuto.

Malemu amuna anga, bambo a Tadala, anali dalaivala wa mzungu wina wa ku America amene ankakhala ku Al Aziziya. Iwo ndi amene anayamba kubwera kuno, ine ndinawatsatira pambuyo. Mukudziwa mmene timakhalira: mwamuna ku akomodeshoni ya kampani yake, mkazi ku yake, kuonana Lachisanu lokha. Mzunguyo anali wopenga ndi mpira wa kwawo. Osati wathu uwu wa miyendo, koma wina wogwira ndi manja, mpira wake wosongoka ngati papaya, osewera ake ovala zisoti n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Osewerawo ndi ana a m'mayunivesite. Bwanayo ankakonda timu ya sukulu imene iye anaphunzirako, m'katauni kena kozizira ka m'mapiri. Bambo a Tadala ankaonera nawo podikira, mpaka matendawo anawagwira. Bwana anachita kuwaikira tchanelo chake pafoni.

Lachisanu tikakhala pa kapinga ku paki, m'malo moti tikambe za malata a nyumba yathu, iwo foni m'manja.

"Taonani, amake Tadala, taonani mwana uyu mmene akuthamangira! Anyamata athu amenewa."

"Athu a kuti? Munawabereka liti ana a mapewa ngati mafiriji?"

"Inu simudziwa kanthu. Dikirani ndikufotokozereni."

"Munandifotokozera kale. Athamanga pang'ono, agwa, adzuka, akambirana. Athamanganso, agwa, akambirana. Si mpira umenewo, ndi msonkhano wa banki mkhonde."

Ankaseka mpaka kutsokomola.

Lachisanu lina anabwera nkhope itagwa. Ndinaganiza kuti kumudzi kwagwa zovuta.

"Atisiya," anatero.

"Ndani?"

Anakhala pansi n'kundifotokozera, ndipo tsiku limenelo ndinamvetsera chifukwa ndinaona kuti zawapweteka. Anati matimu a masukuluwo amakhala m'magulu, gulu lililonse ndi ligi yakeyake, ndipo a wailesi za kanema amalipira gululo kuti azionetsa masewero ake. Ndalama za kanemazo ndi zimene zimayendetsa zonse, mabwalo, aphunzitsi a mpira, maulendo a pa ndege. Tsono magulu ena akutali anayamba kulandira ndalama zambiri kuposa gulu lawo, ndipo matimu otchuka anayamba kuthawira kumeneko, wina lero, wina mawa, osatsanzika n'komwe. Matimu oti akhala akusewera limodzi kuyambira nthawi ya agogo awo. Anyamata a bambo a Tadala palibe anawaitana, chifukwa tauni yawo ndi yaing'ono, anthu oonera kanema kumeneko ndi ochepa.

"Sikuti sadziwa kusewera ayi," anatero. "Koma a kanema sayang'ana zigoli, amayang'ana kuchuluka kwa maso. Chaka chamawa sindikudziwa kuti tidzasewera ndi ndani."

"Mukulirira ana a eni ake," ndinatero ine, "wanu alibe nsapato za sukulu."

Chaka chamawacho sanachione. M'nyengo yotentha ija, mpweya utangoti tayale ngati wa m'ng'anjo, anagwa akutsuka galimoto. Adokotala anati ndi mtima. Ine anandiimbira foni ndili ndi mopu m'manja.

Kampani yawo inatumiza thupi kumudzi. Ine ndinali nditangosaina kontrakiti yatsopano ya chaka chimodzi. Holide inali isanakwane, tikiti ndikanagula ndekha, ndipo ku ofesi anandiuza poyera kuti ndikapita, pamalo panga aikapo wina. Ndinaganiza za Tadala. Ndinatsala. Bokosi ndinaliona kamodzi kokha, kumalo a katundu ku eyapoti, litakulungidwa pulasitiki. Tsiku limene ankawaika m'manda ine ndinkakolopa chipinda cha adokotala a mano. Mwambo ndinaonera pafoni ndili kubafa, netiweki ikudukaduka, wina akugogoda pachitseko.

Alamu anga a Nachisale, mchemwali wawo wamkulu wa malemu, sanandikhululukire. Patapita miyezi ndinawafunsa za kundisudzula, muja achibale a mwamuna amamasulira mkazi wamasiye kuti maliro atha, apitirize moyo. Anandiyankha mwachidule.

"Mlamu, munthu amene sanagone pa siwa, sanalire nafe, sanamete, timusudzula chiyani? Kwa ife inu simunayambe n'komwe."

Anadula foni. Kuyambira pamenepo sindinali mkazi wa munthu, sindinalinso wamasiye. Ndinali wokolopa basi.

Bwana uja asanabwerere kwawo anandipatsa foni ya malemu ndi jekete yawo. Nyengo ya mpira itayamba, ndinatenga foniyo n'kutsegula tchanelo chija. Sindikudziwa kuti ndinkafuna chiyani. Mwina phokoso lija lokha, malipenga ndi ng'oma za ana a sukulu, limene linkamveka Lachisanu lililonse pambali panga. Tchanelo chinali chitatsekedwa. Gulu litasweka, kanema wake anatheranso pomwepo. Panali mdima ndi timawu ta Chingerezi. Ndinamva ngati amwaliranso kachiwiri.

Ndinayamba kufunsa anthu. Ena ankandiyang'ana ngati wamisala. Kenako dalaivala wina anandiuza za Bonifesi, mnyamata wa ku Lusaka amene anali ndi chipinda pamwamba pa sitolo ya mafoni ku Al Doha Al Jadeeda. Anati ali ndi makina okoka matchanelo a dziko lonse, ndipo amuna ochokera ku shifiti amakaonerako mpira.

Masewero a anyamata aja tsopano ankaonetsedwa ndi timatchanelo ting'onoting'ono, nthawi zotsala zimene matimu akuluakulu sazifuna. Kuno kunkakhala kuli Lamlungu m'mamawa, tsiku la ntchito. Ndinavala yunifomu, ndinauza alonda a pageti kuti ndili ndi shifiti yolawirira, ndinapita.

Bonifesi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amai, mpira wa bazungu uja wa zisote? Pano palibe amene amaufuna. Koma mafi mushkila, palibe vuto, nkhalani, tiusakila." Anaupeza. Kenako anati, "Pano kanema ni ya mahala. Timagulisa chabe manzi."

Madzi akewo anali m'mabotolo a madzi enieni, koma mkati munali kachasu wa kuno, uja wophikidwa mobisa amene amati sadiki. Ulendo woyamba ndinagula botolo n'kulisiya pomwepo. Wachiwiri ndinalawa. Anandiwotcha pakhosi, koma patapita kanthawi chimwala chimene chinali pamtima panga chinapepuka, koyamba chimwalirireni bambo a Tadala.

Zotsatirazo zinayenda mwachangu, sindichedwapo. Botolo linachoka kwa Bonifesi n'kulowa m'chikwama changa. Linachoka m'chikwama n'kulowa mu loka ya kuntchito. Silinadikirenso Lamlungu. Kuno ku mapemphero ndinasiya kubwera, ena munandiimbira ndinakuuzani kuti ndili pa ovataimu. Tadala akaimba foni ya vidiyo ndinkakana, ndinkati netiweki ikuvuta, kuopa kuti aona maso anga. Ndinkatafuna tinjere tonunkhira tija Aarabu amathira mu khofi kuti fungo lisamveke. Chakudya ndinasiya kuchifuna. Ndinkadzuka, kukolopa, kumwa, kugona, kudikira Lamlungu. Akomodeshoni, basi ya kampani, kiliniki, chipinda cha Bonifesi. Makoma anayi pano, makoma anayi apo, panja dzuwa loti sungaime.

Tsiku lina ndinakolopa kolido n'kuiwala kuika chikwangwani chochenjeza kuti pansi panyowa. Gogo wina wobwera kudzaonana ndi adokotala anaterereka, mwayi mwana wake anamugwira. Supavaiza wathu, mayi wa ku Philippines amene timangowatchula kuti Madamu, anandifunafuna mpaka anandipeza m'chipinda chosungira zidebe, nditatsamira khoma, ndili mtulo. Anatseka chitseko.

"Ndipumire kumaso," anatero.

Ndinapuma. Anatembenuza nkhope.

"Ukudziwa dziko limene ulili? Ndikangoimba foni imodzi, apolisi, kenako ndege. Uli ndi mwana, si choncho?"

"Ndili naye, Madamu."

"Lero sindinena kwa aliyense, chifukwa ndikudziwa za mwamuna wako. Koma m'mawa uliwonse, usanagwire mopu, uzibwera kuno uzindipumira kumaso. Tsiku limene ndidzamve fungo ili, halasi, zako zathera pomwepo. Wamva?"

Ndinamva. Ndinalira, ndinalonjeza, ndinatchula Mulungu. Ndipo ndikuuzeni zoona, abale anga, mantha saletsa mowa. Ndinangosintha nthawi yomwera. Ndinkamwa ndikaweruka kuti pofika m'mawa fungo likhale litazilala. Masabata angapo ndinadzigwira osapita kwa Bonifesi.

Kenako kunabwera masewero omaliza a chaka. Anyamata aja ankakumana ndi adani awo akalekale, timu ya mumzinda waukulu imene inathawira ku ndalama za kanema ija. Masewero amenewa bambo a Tadala ankawadikira chaka chonse. Ndinadziwa bwinobwino kuti ndikapita ndikamwa, ndikamwa Madamu amva, Madamu akamva Tadala sukulu yatha. Zonsezi ndinazidziwa ngati mmene ndikudziwira dzina langa. Ndinavala yunifomu, pamwamba jekete ya malemu, ndinatuluka.

M'chipinda chathu ku akomodeshoni timagona angapo. Bedi la pansi pa langa ndi la amai Sakala, mayi wachikulire wa ku Chipata amene amachapa zovala ku hotela. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Sindinadziwe kuti anali maso, ndipo sindinadziwe kuti akunditsatira.

Kwa Bonifesi makatani anali otseka ngakhale kunja kunali kutayera. Makina oziziritsa mpweya ankadonthera m'chidebe. Amuna atatu kapena anayi ochokera ku shifiti anali atagona m'mipando, pakamwa pali yasa. Ndinagula botolo langa, ndinakhala pamalo panga pa masiku onse, ndinaliika patsogolo panga. Mpira unali utayamba. Dzanja langa linali pa chitsekerero cha botolo pamene ndinamva kukangana pakhomo.

"Amai Sakala, pano si chalichi," ankatero Bonifesi.

"Iwe, chotsa mimba pakhomo ndidutse. Ndinakuona ukubwera kuno ulibe ndi lamba yemwe."

Analowa. Anaima patsogolo panga, chikwama m'khwapa. Ndinadikira kuti andilalatire. Sanatero. Anayang'ana kanema kanthawi ndithu.

"Timu yanu ndi iti?" anafunsa.

Ndinaloza.

"Akuwina ndani?"

Ndinayang'ana manambala a pakona paja. Sindinkadziwa kuwawerenga kwake. Sindinadziwepo.

"Uyu wagwa apayu, walakwa kapena wachita bwino?"

"Kaya," ndinatero.

"Kaya? Miyezi yonseyi mukubwera kuno, kaya? Nanga misozi iyi ndi ya chiyani?"

Ndinagwira tsaya. Linali lonyowa. Ndinkalira Lamlungu lililonse pamalo pamenepo, awine ndilira, aluze ndilira, ndipo ndinkaganiza kuti ndi mowa.

Amai Sakala anasiya kuyang'ana kanema n'kuyamba kundiyang'ana ine. Anandiyang'ana pang'onopang'ono, kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi.

"Mipando ilipo yopanda anthu," anatero. "Mwakhaliranji pansi?"

Kenako anapitiriza.

"Mwatsamira khoma. Miyendo mwatambasula. Nsapato mwavula, zili apo. Chitenje mwafunda kumutu. Ndani anakuuzani kuti mpira amaonera chonchi?"

Ndinadziyang'ana. Zinali momwemo. Sindinaganizepo kuti ndizikhala choncho, thupi linkangochita lokha kuyambira tsiku loyamba.

"Amake Tadala," anatero, mawu atatsika, "inu simukuonera mpira. Inu muli pa siwa. Kungoti mwalakwitsa nyumba, ndiponso muli nokha."

Anaika chikwama pansi. Anavula nsapato n'kuziika pambali pa zanga. Anakhala pansi movutikira, mawondo akulira, anatambasula miyendo, phewa lawo linagunda langa. Anakoka mpango n'kufunda kumutu. Kenako anayamba, chapansipansi, mmene amayi amayambira akamalowa m'nyumba ya maliro.

"Mayo ine, alamu anga ine. Mwatisiya kuchilendo ine. Mwamusiyira ndani mwanayu ine."

Munthu amene sanawaonepo bambo a Tadala ndi kamodzi komwe.

Sindikudziwa mmene ndingakuuzireni. China chake chinang'ambika m'mimba mwanga n'kukwera. Sikunali kulira kuja kwa kubafa, kotseka pakamwa ndi dzanja kuti odwala asamve. Kunali kulira kwa kwathu, kotchula dzina. Ndinawaitana. Ndinawafunsa chifukwa chake anatsuka galimoto padzuwa. Ndinawauza kuti malata sanakwane. Ndinawauza kuti ndinaona bokosi lawo lili pakati pa makatoni. Ndinapepesa kuti sindinawaperekeze.

Amuna aja anadzidzimuka. Bonifesi anathamanga uku ndi uku.

"Amai, amai, chonde! Muzatigwilisa! Ba polisi bali pafupi!"

Koma bambo wina wa ku Dedza, mlonda, amene ndinkangomuona ali mtulo masabata onsewo, anaimirira. Anafunsa amai Sakala kuti, "Ndi ndani watisiya?" Atamuuza, anavula chipewa. Anagwedeza anzake aja, onse anatuluka, anakakhala pa masitepe panja pa chitseko, mmene amuna amakhalira panja pa siwa. Bonifesi anaima pakati pa chipinda, rimoti m'manja. Kenako anatsitsa mawu a kanema mpaka zii, nayenso anatuluka.

Anyamata a zisoti aja anapitiriza kuthamanga ndi kugwa popanda phokoso. Sindinawayang'anenso. Mpaka lero sindidziwa amene anawina.

Nditatopa, amai Sakala anandipukuta nkhope ndi mpango wawo.

"Nthawi ya ntchito yakwana," anatero. "Botolo ili mwatsegula?"

"Ayi."

"Lisiyeni pomwepo. Tiyeni."

Ndinafika ku kiliniki maso atatupa ngati andiluma njuchi. Ndinapita kwa Madamu, ndinawapumira kumaso. Ananunkhiza kawiri. Anandiyang'ana maso aja, anandipatsa makiyi a zidebe. Akanachedwa pang'ono amai Sakala pa masitepe paja, bwenzi lero ndikulankhula nkhani ina, kwina.

Tsopano ndinene zimene tinachita, chifukwa kulira kwa tsiku limodzi sikuchotsa munthu mu mowa.

Lachisanu lotsatira amai Sakala anaitana amayi a ku Malawi ndi a ku Zambia amene anawapeza. Ena muli pano, zikomo. Tinachotsa matiresi pamabedi n'kuyala pansi. Amuna saloledwa kulowa ku akomodeshoni ya akazi, ndiye anakhala panja pa geti, pamthunzi wa khoma, anzawo a bambo a Tadala, madalaivala ndi alonda. Tinaimba nyimbo za maliro motsitsa mawu kuti a ofesi asabwere. Aliyense wolowa ankayamba walira kenako n'kundigwira dzanja. Mnzanga wina wa ku Nepal, wa chipinda choyandikana, anaona nsapato zambiri pakhomo, anavula zake n'kudzakhala nafe osamva liwu ndi limodzi lomwe. Dzuwa litapendeka amai Sakala anabwereka makina ometera kwa alonda, anandimeta mpala.

Ndili chomwecho ndinaimbira alamu anga a Nachisale, foni ya vidiyo.

"Alamu, ndagona pa siwa. Ndameta."

"Siwa ya kuti? Siwa ya pafoni ine sindinaimvepo."

Ndinachotsa chitenje kumutu. Amai Sakala anatenga foni n'kuizunguliza chipinda chonse, amayi ali pansi, kenako pawindo, amuna ali panja. Alamu anga anaziona zonsezo. Ndinamva akuitana Tadala. Anayenda naye, foni ikugwedezeka, kudutsa m'munda wa chimanga, mpaka kumanda. Anandionetsa mtumbira. Unali utamera kale udzu.

"Ndi apa," anatero. "Kusudzula sitisudzula pa foni, mlamu. Mudzabwere mudzaime apa ndi miyendo yanu. Koma zoti mwayamba, taona."

Ndiye ndisakunamizeni, mpaka pano sindinasudzulidwe. Ndikudikirabe.

Chachiwiri, ndinamuuza Tadala zoona. Zonse, za botolo, za Madamu. Anakhala masiku osandilankhula. Atadzaimba anangoti, "Amayi, muziyatsa vidiyo nthawi zonse, ndizikuonani maso." Ndimayatsa.

Chachitatu, ndinapita kwa alonda a pageti lathu n'kuwauza kuti ndilibe shifiti yolawirira, sindinakhalepo nayo, ndinkanama. Ndinawapempha kuti akadzandiona ndikutuluka basi ya kampani isanabwere, adzaitane amai Sakala. Zinali zochititsa manyazi, koma manyazi amenewo ananditchinga kangapo.

Thupi linavuta. Manja ankanjenjemera moti mopu inkagwa. Tulo tinkasowa. Ndinkamwa tiyi wambiri wa shuga, ndipo amai Sakala ankandikakamiza kudya ngakhale ndisakufuna. Foni ya malemu ndinaitumiza kumudzi ndi mchimwene wina amene ankapita ku holide, Tadala akuigwiritsa ntchito pa za sukulu. Tsiku lina nditatumidwa ku Al Doha Al Jadeeda, miyendo inanditenga yokha mpaka pansi pa masitepe a Bonifesi. Ndinaima pamenepo, thukuta lili kamukamu. Ndinaimbira amai Sakala.

"Ndili pansi pa masitepe."

"Mwakwera?"

"Ayi."

"Chabwino. Musadule foni. Yambani kuyenda cha ku siteshoni ya sitima ya metro, ine ndikuuzani za mlendo wina amene anatumiza kabudula mmodzi kuti timuchapire ndi kusita katatu."

Anandiuza nkhani ya kabudulayo mpaka ndinakwera sitima.

Anyamata a bambo a Tadala ndinamva kuti anapeza gulu lina, la masukulu ang'onoang'ono ngati iwo, ndipo kanema wina akuwalipira pang'ono. Akuseweradi. Ndinasangalala kumva, koma sindinafunse tsiku.

Chimene ndikufuna munyamule ndi ichi. Kuno timaferedwa kwambiri. Foni imalira uli pa shifiti, amayi ako apita, mwana wako wapita, umapukuta maso n'kubwerera pageti kukanena kuti gudu moningi sa. Malirowo sathera pamenepo. Amakafuna pokhala. Anga anakapeza kanema wa Bonifesi. A wina akapeza kubetcha pafoni, a wina mapiritsi, a wina mwamuna wa mwini. Ngati mwaferedwa ndipo simunathe kupita, musadzipange olimba. Tiuzeni. Tili ndi zitenje, pansi pokhala sipasowa, ndipo Lachisanu limabwera sabata iliyonse. Ngati mwayamba kale botolo, uzani munthu mmodzi amene amagona pafupi nanu, osati wa kutali.

Kwa Madamu ndinapitabe m'mawa uliwonse. Nyengo yozizira inatha, yotentha inabwera, ine ndikupumira munthu kumaso ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Anzanga ankaona, ena ankaseka. Kontrakiti yanga inali ikutha, ndipo ndinkadziwa kuti mawu a Madamu ndi amene adzanene ngati nditsale kapena ndipite. Sanandiuze kanthu. Ndinkawayang'ana nkhope, osaonapo chilichonse.

Mwezi wathawu anandiitana ku ofesi. Pepala linali patebulo. Zaka zina ziwiri. Ndinasaina, mtima wina ukuthokoza, wina ukulira, chifukwa ndi zaka zina ziwiri za makoma omwewa ndi basi yomweyi. Koma Tadala alemba mayeso ake a fomu folo ali pa sukulu, ndipo holide yanga ikakwana ndikwera ndege ndi tikiti yobwerera, osati ndi wapolisi kumbuyo. Ndikaima pa mtumbira paja ndi miyendo yanga.

M'mawa mwake ndinapita kwa Madamu monga mwa masiku onse. Ndinaima patsogolo pawo, ndinakoka mpweya, ndinatsegula pakamwa. Iwo anali akulemba zawo. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ukufuna chiyani?" anatero. "Yala, fulumira, kolido ikudikira."

Ndinatseka pakamwa panga. Ndinatenga makiyi, ndinakayamba ntchito.

Ndathokoza pondimvera.